Mayunitsi akutha mwezi usanathe, memo sakuwerenga, ndipange bwanji?

Admin wa ku Lilongwe: Akuluakulu ndithandizeni, nkhaniyi yandikwana. Bwana wandiuza kuti ndikonze ndondomeko yosamalira chilengedwe pa ofesi chifukwa ma donor akufunsa mu lipoti, komanso mayunitsi akumatha mwezi uli pakati. Memo ndinalemba, timapepala ta "zimitsani magetsi" ndinamata pa swichi iliyonse. Lolemba m'mawa ndimapeza AC ya mu boardroom ikulira yokha chiyatsireni Lachisanu. Munthu amapulinta imelo ya mizere iwiri n'kuisiya pa printer pomwepo. Mabini ndinagula amitundu itatu, koma mu bini ya mapepala mukupezeka makoko a nthochi ndi zotsala za chipisi. Ndikayankhula akuti mayi wa chilengedwe wafika. Anzanga munapanga bwanji kwanuko? Ena akuti ndizingowadula pa salale.

HR wa ku Limbe: Achemwali, za kudula salalezo ziiwaleni lero lomwe. Employment Act ya 2000 siyilola abwana kulipiritsa wantchito chindapusa ngati chilango. Mukhoza kumuchenjeza polemba kalata, mukhoza kumuimitsa kaye, koma osagwira ndalama yake. Mukangoyerekeza, mudzapezeka ku labour office, mwinanso ku Industrial Relations Court chifukwa cha babu limodzi. Komanso AC ya mu boardroom mulembera ndani kalata? Aliyense anena kuti anatuluka anthu akadali momo.

Wa maintenance: Mayi, ikani ma timer basi. Anthu simungawasinthe. Timer pa AC, timer pa giza, 5 koloko zonse zizizima zokha. Memo sinazimitsepo magetsi chiyambire.

Wa IT: Bambo a maintenance, timer zanuzo muziyamba mwatifunsa ife. Komwe ndinkagwira kale anabwera munthu wa changu ngati chanucho, anaika AC zonse pa laini imodzi, ya mu server room yomwe. Unali Okutobala, kunja kukuwotcha. Loweruka masana seva inazima yokha chifukwa cha kutentha, Lolemba payroll osatseguka, anthu ali pakhomo panga ngati ndalama ndabisa ndine. Ndipo ngati muli ndi furiji ya mankhwala kapena ya ma sample, imeneyo isayandikire timer ngakhale pang'ono.

Wa maintenance: Amene anachita zimenezo sanali electrician. Server room imakhala ndi breaker yakeyake. Timer ilibe mlandu pamenepo.

Akauntanti wa ku Mzuzu: Musanamenyane ndi anthu, dziwani kaye chomwe chikudya mayunitsi. Ambiri timalimbana ndi mababu pomwe babu la LED ndi mawati 9 kapena 12 okha. Ketulo ndi mawati pafupifupi 2,000. Giza 2,000 mpaka 3,000. AC yaing'ono ikamagwira imatha pafupifupi yunitsi imodzi pa ola. Ndiye AC imodzi yogona ikuyaka imaposa mababu a ofesi yonse. Werengani mita poweruka Lachisanu, muwerengenso Lolemba musanayatse kanthu. Kusiyana kwakeko ndi magetsi amene akupita mu ofesi mulibe munthu. Nambala imeneyo ndi imene mupite nayo kwa bwana. Ife kuno tinkaloza zala ma intern, kenaka zinapezeka kuti ndi giza ya ku bafa ya bwana yomwe palibe amasambako, inkatenthetsa madzi usana ndi usiku chaka chonse.

Admin wa ku Lilongwe: Za mita zija ndiyesa. Koma pali china. Madesiki ena amadzadza mafoni, ma power bank, matochi, wina anabwera ndi batire la sola. Bwana akufuna ndiletse kutchaja.

Mayi wa ku stores: Musatero mwana wanga. Amene akutchajawo ambiri kwawo kulibe magetsi. Mesenjala, alonda, madalaivala, onsewo amakhala komwe waya sunafike. Foni imadya zochepa kwambiri, simungaone n'komwe pa mita. Mukaletsa ndiye kuti mwadana ndi anthu amene amafika oyamba n'kutuluka omaliza, omwe akanakuzimitsirani AC ija. Hotipuleti ndi ayironi, zimenezo inde letsani, komanso muzinena kuti ndi nkhani ya moto, amva msanga kusiyana n'kunena za chilengedwe.

Ndiye za mabini. Munawafunsa makilina musanagule? Ine ndinaona kwathu kuno. Mabotolo apulasitiki ndi makatoni makilina ankatola kale okha, kukagulitsa kwa amayi a thobwa ndi a mafuta ophikira oyezera. Mapepala olembedwa mbali imodzi ankapita kwa ogulitsa mandasi ndi mtedza. Ofesi itabwera ndi pulogalamu yake n'kupeza kampani yodzatenga zonse, amayi aja ndalama ya minibasi inawathera pomwepo. Mwezi sunathe, mabini anayamba kusakanikirana okha. Palibe anaulula, koma tonse tinkadziwa.

HR wa ku Limbe: Pa mapepala a mandasiwo chenjeraniponi. Mnzanga wina anagula zitumbuwa zokulungidwa mu payslip ya munthu, dzina ndi salale zikuoneka bwinobwino. Za HR ndi za accounts zizidutsa mu shredder kaye, zotsalazo apatseni.

Wa maintenance: Mwaonatu, zonsezi ndi mavuto a kudalira anthu. Timer siigulitsa payslip.

Wa logistics: Kulekanitsa zinyalala ine ndinagwa nako ulesi. Antchito anayesetsa ndithu kwa kanthawi. Tsiku lina ataima pa windo anaona lole yabwera, mabini atatu onse akhuthulira malo amodzi, ulendo ku mtaya. Kuchokera tsiku limenelo ukawauza amangoseka. Musayambe kulekanitsa musanapeze komwe chilichonse chizipita. Zotsala za chakudya zokha ndi zomwe zinatiyendera, chifukwa wa m'dimba anakumba dzenje kuseri kwa ofesi n'kumapanga manyowa.

Ma jumbo samalani nawo pa zogula za ofesi. Mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 analetsedwa ndi malamulo a 2015, ndipo Supreme Court inagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Amene amakubweretserani chakudya pa ma workshop muwauziretu polemba, a MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, akadzabwera musadzayambe kuloza wina.

Akauntanti wa ku Mzuzu: Ndipo magetsi akazima mukayatsa jenereta, AC zonse zija zimakhala zikumwa dizilo. Kumbukirani 2022 namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko linataya pafupifupi 130 megawatts, maofesi ambiri bajeti ya dizilo inatha chaka chisanafike pakati. Ife tinagwirizana kuti pa jenereta AC ndi ketulo ayi. Zimenezo anthu anamva chifukwa dizilo akatha intaneti imapita nawo.

Wa logistics: Dizilo wa jenereta amathanso njira zina akulu, si AC yokha. Muziyang'ana logbook ndi maola a injini. Ndinapezapo jenereta yomwe pa pepala inkagwira Lamulungu magetsi alipo.

Wa maintenance: Imeneyonso mankhwala ake ndi changeover ya otomatiki, yoyatsa ndi kuzimitsa jenereta yokha, ndi loko pa thanki. Ndikunena zomwezomwezo, chotsani dzanja la munthu.

Wa IT: Bambo, nanga timer yanu ija wina akaibaya pa manual chifukwa akugwira overtime, amaibwezera ndani?

Wa maintenance: Mumaitsekera mu bokosi.

Mayi wa ku stores: Kiyi wake n'kukhala ndi munthu yemweyo.

HR wa ku Limbe: Achemwali a ku Lilongwe, chinanso, bwana wanuyo AC yake amazimitsa akamapita ku lunch? Ngati sazimitsa, memo musalembenso ina. Ndipo akakuuzani kuti mukadzale mitengo kuti lipoti likongole, funsani kaye amene adzapalire ndi kuthirira. Nyengo yodzala imayamba mu Disembala, aliyense amafuna chithunzi atagwira khasu atavala t-shirt. Ife tinadzala pa sukulu ina, pobwerera mu Juni tinapeza mbuzi zamaliza.

Wa logistics: Ma t-shirt amenewo munasindikiza kuti? Ife akutitchaja modula kwambiri kuno.