Ma bearded dragon aja ndagulitsa, zikomo nonse

Abale zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha funso langa lija la mtengo wa tiana ta bearded dragon, abuluzi aku Australia amene ndimaweta kuno ku Johannesburg. Ndinatsatira malangizo a achimwene aja anati ndisapupulume, ndidikire tikwane masabata 8 tikudya bwino, kenako ndiwerengere zonse zomwe ndawononga pa tizilombo todyetsa, masamba, kashiamu wolimbitsa mafupa ndi babu ya UVB (nyali yopereka kuwala konga kwa dzuwa komwe abuluziwa amafunika). Nditawonkhetsa ndinachita kugwira pakamwa, mtengo umene ndimafuna poyamba sukanabweza olo ya magetsi.

Ndiye ndinasiyanitsa mitengo, tawamba ndinaika wotsika, tiwiri ta leatherback tosalala msana tija ndinakweza pafupifupi kawiri koma ndi tomwe tinayamba kutha. Kamodzi kanalumidwa nsonga ya mchira ndi tinzake poti ndinatiunjika malo amodzi, zinandiwawa, ndipo mchira wa awawa suphukanso ngati wa abuluzi akumudzi, ndiye wogula ndinamuuza chilungamo nkumuchotserako.

Chinanso, musanapereke mufunseni kaye munthuyo ngati ali ndi khola ndi UVB. Wina tinagwirizana kale mtengo koma nditamva kuti akakasunga mbeseni popanda nyali ndinamubwezera ndalama yake, nyamazi zikasamalidwa zimafika zaka 10.