Gettysburg tsiku limodzi likwana? Thandizeni

Nambewe_MD:
Abale, bambo anga abwera kudzationa kuno ku Maryland ndipo chifikireni nyimbo ndi imodzi, "mundipititse ku Gettysburg", tauni ya ku Pennsylvania komwe kunamenyedwa nkhondo yaikulu mu 1863, paja anali aphunzitsi a hisitole ndiye za nkhondo yapachiweniweni ya ku America amazidziwa kuposa ine wokhala kunone. Vuto tili ndi ana awiri, wa zaka 7 ndi 11, ndikuopa kuti akangoona mizinga ndi manda ayamba kuvuta. Tsiku limodzi likwana? Nanga pafupi pali choti anawo asangalale nacho?

WakuHarrisburg:
Likwana achemwali bola mulawire. Muyambire ku Visitor Center, kolandirira alendo, pali kafilimu kenako amakukwezani pamwamba kukaona Cyclorama, chithunzi chopenta pamanja chozungulira chipinda chonse mafiti 377. Izo ndi zolipira koma pomwe anamenyanapo mpaulere, mumangoyenda pagalimoto mamailosi 24 kwinaku mukuima malo 16. Chonde madalawo musakawathamangitse pa chitunda cha Cemetery Ridge, pomwe panali asilikali a kumpoto. Ine ndinaima pa kampanda ka miyala kongolekeza m'mawondo, kuyang'ana chigwa chimene asilikali a kum'mwera pafupifupi 12,500 a mkulu wawo Robert E. Lee anadutsa poyera pa 3 July 1863 mizinga ikuwalavulira moto, ndinangoti kakasi, pafupifupi theka anaphedwa, kuvulala kapena kugwidwa. Masiku atatu okha onse pamodzi ovulala, akufa, ogwidwa ndi osowa anafika cha m'ma 51,000, m'katauni ka anthu 2,400, mpaka matchalitchi ndi nyumba za anthu zinasanduka zipatala.

Mayi_a_mapasa:
Za ana musade nazo nkhawa, apititseni ku Devil's Den akakwere miyala ikuluikulu ija, anga ndinachita kuwakoka pochoka. Koma avale mathalauzi ndi masokosi, mu udzumo muli nkhupakupa zopatsa matenda a Lyme, madzulo muwayang'ane kumbuyo kwa mawondo. Ku Hershey, tauni yotchuka ndi chokoleti, ndi ulendo wa ola limodzi, kungoti tsiku lomwelo ayi mudzatopa nazo, gonani mupite mawa lake. Ku Gettysburg kulinso zoyendetsa alendo usiku kusaka mizukwa, koma ine ndinaona ngati kungotaya ndalama.

Phiri_wa_mabuku:
Kkkk mizukwa isiyeni, ena ndi pomwe amadyera. Koma ngati bambo ndi aphunzitsi, kumanda a asilikali ndiye osaphonya, ndi komwe Pulezidenti Abraham Lincoln anayankhula pa 19 November 1863, mphindi ziwiri zokha, pomwe Edward Everett amene anali mlendo woyankhula wamkulu anatha maola awiri ndipo lero ndani amawakumbukira mawu akewo. Nyumba ya David Wills imene Lincoln anagona ili pakati penipeni pa tauni. China chimene ambiri sachitchula, anthu akuda a m'tauniyi, omwe sanali akapolo ayi, ambiri anathawa asilikali a kum'mwera akuyandikira chifukwa ena m'dera lomwelo ankagwidwa n'kutengedwa kum'mwera ku ukapolo. Pobwerera ku Maryland mukhoza kudzera ku Antietam, malo ena a nkhondo yomweyi, mungapezenso famu ya Pulezidenti Eisenhower yomwe yachita malire ndi malo a nkhondo a ku Gettysburg.

Nambewe_MD:
Zikomo kwambiri nonse, tigona usiku umodzi basi, Loweruka la agogo Lamulungu la chokoleti. Ndawawerengera bambo zimene mwalembazi ndiye akuti a Phiri mwaiwala Jennie Wade, mtsikana wa zaka 20 amene chipolopolo chinamupeza akukanda ufa wa buledi m'khitchini, ayamba kale kundiphunzitsa tisananyamuke n'komwe.