Sainte-Famille pa chilumba cha Orléans: bwanji anthu sachuluka kwa zaka 300?

Wofufuza_Zakale:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikulemba za midzi ing'onoing'ono ya alimi olankhula Chifalansa ku Québec, m'dziko la Canada, ndipo ndasankha Sainte-Famille ya pa chilumba cha Orléans. Parishiyi inayamba mu 1661, mabanja a kumeneko ankabereka ana ambirimbiri, koma lero anthu ake safika ndi 1,000 omwe. Ana onsewo anapita kuti? Kodi cholakwika ndi kalembera, kapena ndi ine amene sindikuwerenga bwino? Ndiyambire pati?

Mpima_Minda:
Achimwene, kalembera sanalakwe. Yambani mwaona kadulidwe ka minda, chifukwa yankho lagona pamenepo.

Chilumbachi chili pakati pa mtsinje wa Saint-Laurent, kumunsi pang'ono kwa mzinda wa Québec, ndipo m'litali ndi makilomita 34, m'lifupi pafupifupi 8. Nthawi ya ulamuliro wa France, malo ankaperekedwa kwa mwinimalo wotchedwa seigneur, iyeyo n'kuwagawira alimi. Munda sunali wambali zofanana ayi. Unali wowonda ngati lamba: mutu wake kumtsinje, thupi kulowera kumtunda. M'chigwa cha Saint-Laurent munda wamba unkakhala ma arpent 3 m'lifupi ndi 30 m'litali. Arpent imodzi ndi mamita 58 ndi theka, ndiye kuti mamita 175 kumtsinje, kilomita imodzi ndi mamita 750 kulowera mkati, onse pamodzi mahekitala pafupifupi 31. Ankatero kuti aliyense afike pamadzi, poti mtsinje ndiwo unali msewu, m'chilimwe pabwato, m'nyengo yozizira pamwamba pa madzi oundana.

Kumtunda kwina, mzere woyamba wa minda ukadzaza ankatsegula wachiwiri kumbuyo kwake, umene amautcha rang, kenako wachitatu, wachinayi, mpaka nkhalango itatha. Pachilumba mwayi umenewo panalibe. Minda ya Sainte-Famille inkachokera kugombe la kumpoto n'kukathera pakati pa chilumba, pamene inkakumana ndi minda yochokera kugombe la kumwera. Mzere wapakatiwo amautcha mitan, ndipo mpaka lero msewu wodutsa pakati kuchokera ku Sainte-Famille kupita ku Saint-Jean ndi Route du Mitan. Gombe litadzaza, basi, panalibenso pogawa.

Tsono banja lili ndi ana khumi, munda ndi umodzi. Lamulo la nthawiyo, lotchedwa Coutume de Paris, linkati ana agawane chuma mofanana, koma mukadula lamba wa mamita 175 pakhumi, aliyense atsala ndi kanjira kosadyetsa banja. Makolo ankazemba vutoli popita kwa notaire, munthu wolemba zikalata za malamulo, kukalemba chikalata chopereka munda wonse kwa mwana mmodzi iwo akadali moyo. Mwanayo ankalonjeza kuwasunga mpaka imfa, ndipo chikalatacho chinkatchula chilichonse: tirigu wochuluka bwanji pachaka, nkhuni, nyama ya nkhumba, chipinda chogona, ngakhale kavalo wowatengera ku Misa. Abale ake ankawapatsa gawo lawo m'ndalama kapena ziweto, iwo n'kukasaka malo kwina. N'chifukwa chake nyumba za m'parishi sizinkachuluka kwenikweni ngakhale ubatizo unali mlungu ndi mlungu. Mudziwo unali ngati nazale: mbande zimamera pamenepo, koma zimakakulira kwina. Mabanja pafupifupi 300 a ku North America amaloza chilumbachi kuti ndiko kunayambira mtundu wawo.

Musaiwale kuti pa zokolola zomwezo mlimi ankachotsapo za ena. Kuchigayo cha seigneur ankasiya gawo limodzi mwa 14 la tirigu wogayitsa, kwa wansembe gawo limodzi mwa 26 la mbewu zake, kuwonjezera pa lendi ya pachaka. Dongosolo la ma seigneur linathetsedwa mu 1854, koma malamba a mindawo akuonekabe mukayang'ana chithunzi cha m'mwamba.

Mayi_Kaundula:
Bambo Mpima_Minda afotokoza bwino chifukwa chake. Ine ndikupatseni njira yoti mutsimikizire nokha ndi manambala, musangokhulupirira zonena zathu.

Choyamba, siyanitsani zinthu ziwiri zimene anthu amasokoneza: parishi ndi boma la mudzi. Parishi ndi ya mpingo, inayamba mu 1661. Maboma a midzi ku Québec anakhazikika ndi lamulo la 1855. Komanso mpaka 1679 Sainte-Famille inali parishi yokhayo pachilumba chonse. M'chaka chimenecho panabadwa Saint-Pierre, Saint-François, Saint-Jean ndi ina imene lero ndi Saint-Laurent, ndipo Sainte-Pétronille inadzapatuka ku Saint-Pierre mu 1870. Mukapeza munthu "wobatizidwa ku Sainte-Famille" mu 1670, mwina kwawo kunali tsidya lina la chilumba. Mukafanizira nambala ya 1670 ndi ya 1700 osadziwa izi, mudzalemba kuti anthu anatha ndi mliri pamene ndi malire okha anasintha.

Tsopano masamu ake. Tengani makalembera awiri otsatizana. Werengani maubatizo onse a pakati pa zaka ziwirizo, muchotsepo maliro onse. Chotsalacho muchiphatikize ku nambala ya kalembera woyamba, mufanizire ndi wachiwiri. Tingoyerekeza: poyamba anthu 800, maubatizo 350, maliro 170. Mukuyembekezera 980. Kalembera wachiwiri akapeza 820, ndiye kuti 160 anasamuka. Bwerezani zimenezi pa zaka khumi zilizonse, mudzaona nthawi imene anthu ankatuluka kwambiri.

Zolembedwa zilipo zambiri. Kalembera woyamba wa New France, dzina la dzikoli nthawi ya ulamuliro wa France, anachititsa ndi mkulu wa boma Jean Talon mu 1666, ndipo anapeza anthu 3,215 m'dziko lonselo. Ena anatsatira mu 1667 ndi 1681, otchula dzina ndi zaka za munthu aliyense. Pambuyo pake gwiritsani wa 1851, 1861, ndi a Canada kuyambira 1871. Wa 1851 anachedwa, anachitika mu Januwale 1852, choncho zaka za anthu muziwerenge mosamala. Mayina a m'kalembera amatsekedwa kwa zaka 92. Wa 1931 anatsegulidwa mu 2023. Mabuku a ubatizo, ukwati ndi maliro ansembe ankalemba awiriawiri, lina la parishi, lina la boma, ndipo ndiwo anali kaundula wovomerezeka mpaka 1994. A PRDH, gulu lofufuza mbiri ya chiwerengero cha anthu ku Université de Montréal, analumikiza kale zolembedwa zakalezi banja ndi banja.

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Khanda lomwalira lisanafike kutchalitchi, longothiridwa madzi kunyumba, limaoneka m'maliro koma m'maubatizo mulibe; liwerengeni mbali zonse ziwiri. Wodwala amene anakafera ku chipatala cha mumzinda wa Québec simumupeza m'buku la kwawo. Ukwati nthawi zambiri unkamangidwira ku parishi ya mkazi, ndiye anyamata a Sainte-Famille muwasake m'mabuku a midzi yoyandikana. Ndipo pali mayina a "dit": banja limodzi limatha kulembedwa Audet m'buku lina, Lapointe m'buku lina, poti ndi Audet dit Lapointe, kutanthauza Audet wotchedwanso Lapointe. Mukapanda kusamala muwerenga munthu mmodzi kawiri. Chaka cha 1759 muchiike padera, chifukwa asilikali a Britain otsogozedwa ndi James Wolfe analanda chilumbachi anthu atathawa, ndipo manambala a chakacho sangafanane ndi zaka zina.

Wofufuza_Zakale:
Zikomo kwambiri Mayi, za malire a 1679 sindinkazidziwa. Nanga zaka za m'ma 1900? Mlatho wolumikiza chilumbachi ndi kumtunda utamangidwa ndinkaganiza kuti mudzi udzadzaza ndi anthu a mumzinda.

Mlangizi_Ulimi:
Mlatho unatsegulidwa mu 1935, ndipo unathandizadi alimi kutengera sitiroberi, maapulo ndi mbatatesi ku msika wa Québec tsiku lomwelo. Koma zinthu zitatu zinagwira chiwerengero pakhosi.

Kusamuka sikunaleke, kunangosintha kolowera. Pakati pa 1840 ndi 1930 anthu olankhula Chifalansa pafupifupi 900,000 anachoka ku Québec kupita ku United States, ambiri kukagwira ntchito m'mafakitale a nsalu ku Lowell, Manchester, Fall River ndi Woonsocket. Nkhondo yachiwiri itatha, thirakitala inalowa m'malo mwa kavalo ndi manja a ana, mlimi mmodzi n'kugula minda ya anansi awiri kapena atatu. Mu 1941 Québec inali ndi mafamu pafupifupi 155,000. Mu 2021 analipo 29,380. Kubereka nakonso kunatsika mofulumira: chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 mayi ankabereka ana anayi, pofika 1970 anali awiri okha.

Chachitatu ndi malamulo. Mu 1970 boma linalengeza chilumba chonse kukhala malo a mbiri otetezedwa, ndipo mu 1978 linakhazikitsa lamulo loteteza nthaka ya ulimi. Munda wa m'dera lotetezedwa sungaudule mapuloti popanda chilolezo cha CPTAQ, bungwe la boma loteteza nthaka ya ulimi. Ena amadandaula kuti achinyamata akusowa pomanga, ndipo dandaulo lawo ndi lomveka, koma ine ndimaona kuti popanda lamulolo minda ya maapulo yoyang'ana mtsinje ikanakhala itasanduka nyumba kalekale, poti mzinda uli pafupi kwambiri.

Powerenga makalembera atsopano, amene kuyambira 1956 amachitika zaka zisanu zilizonse, onani mizere iwiri: nyumba zonse, ndi nyumba zokhalamo anthu chaka chonse. Kusiyana kwake ndi nyumba za tchuthi, eni ake amawerengedwera mumzinda. M'matebulo a chinenero ndi ntchito, Statistique Canada, bungwe la boma lochititsa kalembera, imazunguliza manambala kuti athere pa 0 kapena 5 pobisa anthu, ndiye m'mudzi waung'ono kusintha kuchoka pa 10 kufika 15 musakupangire nkhani. Mafunso atsatanetsatane a kalembera wa 2011 anali oyankha mwakufuna, choncho za ndalama ndi maphunziro za chaka chimenecho musazifanizire ndi za 2006 kapena 2016. Mukapezanso nambala yosiyana pang'ono pa tsamba la boma la Québec, imeneyo ndi yongoyerekezera ya chaka ndi chaka. Sankhani gwero limodzi mulitsate kuyambira poyamba mpaka pomaliza.