Ma bluebell pansi pa mitengo ya beech: ndizule kapena ndiwasiye?

Wa ku Surrey: Akuluakulu, ndithandizeni. Abwana anga ali ndi kankhalango ka mitengo ya beech kuseri kwa nyumba ndipo akufuna ma bluebell (maluwa abuluu a m'nkhalango) enieni a kuno ku Britain. Koma amene atuluka Epulo uno akundikayikitsa. Aima njo, masamba otambalala, maluwa mbali zonse za phesi, fungo osamveka.

Wa ku Kent: Achimwene, amenewo ndi a ku Spain kapena osakanizika. Suzumirani m'kati mwa duwa limodzi muone mungu. Enieniwo mungu wake ndi woyererako, maluwa amalendewera mbali imodzi, phesi limawerama ngati mwana wopereka moni, masamba ndi owonda, ndipo amanunkhira bwino.

Wa ku Surrey: Ndaona achemwali, mungu ndi wabuluu.

Wa ku Sheffield: Ndiye zulani pano masamba akuonekabe, asanagwetse njere. Mukumbe mozama, chifukwa kanyezi kamodzi kakatsala pansi chaka chamawa kaphukanso. Osaponya pa kompositi, mangirani m'matumba akuda ziwolere momwemo. Magolovesi m'manja, chomera chonsecho n'chapoizoni. Mukawasiya, njuchi zisakaniza mungu ndipo ntchito yanu ipita pachabe.

Wa ku Surrey: Zikomo akulu. Nanga mbewu? Abwana akuti ndikakumbeko pang'ono m'nkhalango ya pafupi, ati alipo ambirimbiri.

Wa ku Kent: Ayi achimwene, musayerekeze. Lamulo la Wildlife and Countryside Act la 1981 limaletsa kuzula chomera cha kutchire popanda chilolezo cha mwini malo, ndipo kuyambira 1998 kugulitsa ma bluebell okumbidwa kutchire ndi mlandu. Wogwidwa ndi fosholo adzakhala inu, osati abwana. Komanso zimandiwawa ine, duwa limeneli limatenga zaka ngati 5 kuchokera pa njere kufika pomasula, ndipo pafupifupi theka la onse a padziko ali kuno. Kagulani ku nazale yomwe imafesa yokha, dzina lasayansi la duwali ndi Hyacinthoides non-scripta.

Wa ku Sheffield: Mutha kuwokera akadali ndi masamba akangomaliza maluwa, kapena kubzala tianyezi mu Okutobala, kuya masentimita 10. Ine ndikanadikira chaka chimodzi ndione kaye ngati a ku Spain atheratu. Mulambulenso kanjira, masamba ake akapondedwa kanyezi kamasowa chakudya.

Wa ku Surrey: Ndamva. Lolemba ndiyamba kukumba, za kudikirazo ndikawafotokozera abwana mawa.