Thandizeni: ufa wonyowa ndi mvula tingafululire mowa wa bona?

Wofunsa, Moatize

Moni nonse a pa gulu lino, makamaka amayi odziwa kufulula ndi inu a zachipatala. Kwathu ndi ku Domwe, ku Angónia, koma ndimakhala ku Moatize. Bambo athu anatisiya chaka chatha, ndipo abale agwirizana kuti mwambo wa bona uchitike mwezi wamawa. Vuto lili pa ufa. Denga la nyumba yosungiramo linadontha pa mvula ya mu Febuluwale, matumba awiri a mgaiwa n'kunyowa chapansi osadziwika msanga. Ufawo unaundana, ndipo ukaphwanya chibuma mkati mukuoneka zakuda ndi zachikasu. Chimanga china cha m'nkhokwe nachonso chinagwira chuku. Amayi anauyanika, n'kuusinjanso, ndipo akuti wa nsima sungatheke koma wa mowa uli bwino. Azakhali nawo akuti mowa umakhala pamoto tsiku lonse, choipa sichingatsalemo.

Mlongo wanga ndi amene wandiyika mtima m'mwamba. Akuti anthu aja anamwalira atamwa mowa ku Chitima anafa ndi ufa wotere. Ine ndimadziwa kuti inali ndulu ya ng'ona, ndi zimene tinamva tonse nthawi imeneyo. Zoona ndi ziti? Kodi moto supha poizoni wa mu ufa wovunda? Ndipo ngati ufawu ndi woopsadi, ndikawauze bwanji amayi ndi azakhali, ine mwana, wokhala m'tauni, osaoneka ngati ndikunyoza zimene akhala akuchita ndisanabadwe? Kubwera anthu ambiri, ana adzamwa thobwa lochokera pa phala lomwelo. Sindikugona nazo.

Mayi wofulula, Ulongwe

Mwana wanga, ine ndakalambira pa mbiya. Kuyambira kale chimanga chabwino ndi cha ana, chovunda ndi cha mowa. Amayi anga ankatero, ine ndimatero, ndipo palibe anafera pakhomo panga. Komabe ufa wonyowera m'thumba mpaka kuundana sindiukonda, mowa wake umatuluka woipa kukamwa. Akaununkhize bwino. Ngati fungo linatha atauyanika, afulule.

Mphunzitsi, Songo

Amayi a ku Ulongwe, ndikupatsani ulemu wonse, koma apa ndikukanani. Mphuno si imene ingatiuze.

Achemwali ofunsa, mlongo wanuyo akunena zoona. Nkhaniyi inachitika pa 9 Januwale 2015 ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa, pafupi ndi kuno. Anthu anamwa mowa wa chimanga pobwera ku maliro. Anamwalira anthu 75, odwala anaposa 200, ndipo mayi amene anafulula mowawo anali m'gulu la omwalira. Boma linalengeza masiku atatu olira dziko lonse. Mawu a ndulu ya ng'ona anafala msanga, mpaka nyuzipepala za kunja zinalemba, chifukwa tonse tinkafuna munthu woloza chala. Koma atayeza mowa ndi ufa, mpaka kutumiza zina ku labotale ya FDA, bungwe la boma la America loona za zakudya ndi mankhwala, sanapezemo za ng'ona. Mu Novembala chaka chomwecho Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti mu ufawo munali bakiteriya wotchedwa Burkholderia gladioli, amene amapanga poizoni wotchedwa bongkrekic acid.

Tsono mvetsani apa. Ufa uja unali utanyowa ndi madzi osefukira n'kuyamba kuvunda. Unaperekedwa kwa wofulula poganiza kuti wa nsima sungatheke koma wa mowa uli bwino. Ndi mawu omwewo amene mwalemba kuti amayi anu anena. Nditawerenga funso lanu thupi linachita tsembwe.

Namwino, Tete

Ndiyankhe za moto, chifukwa ndi pamene anthu ambiri timasokonezeka. Pali kachilombo, ndipo pali poizoni amene kachilomboko kasiya. Moto umapha kachilombo. Poizoni uyu sausamala moto, ungawiritse phala kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa amakhalamobe. Alibe fungo, alibe kukoma kwachilendo. N'chifukwa chake kununkhiza sikuthandiza, ngakhale kwa munthu wodziwa mowa ngati amayi a ku Ulongwe. Kuyanika kumachotsa chinyezi ndi fungo basi, zimene zinapangika ufa uli wonyowa zimatsala.

M'thupi amagwira ntchito motere: m'maselo athu muli tizigawo totchedwa mitochondria, timene timasandutsa chakudya kukhala mphamvu. Poizoniyu amatseka njira imene mphamvuyo imatulukira. Ndiye ziwalo zofuna mphamvu yambiri ndi zimene zimayamba kugwa: chiwindi, impso, ubongo. Munthu amayamba ndi kupweteka m'mimba, kusanza, kutsegula, thukuta ndi kufooka, patangopita maola ochepa. Shuga wa m'magazi amakwera kenako n'kutsika kwambiri, ena amakomoka. Miligalamu imodzi kapena imodzi ndi theka imatha kupha munthu wamkulu. Ndipo mpaka lero palibe mankhwala othetsa poizoni ameneyu. Kuchipatala timangothandiza thupi ndi madzi a m'mitsempha, shuga ndi zina, kuti mwina lilimbe.

Bakiteriyayu amapezeka m'nthaka ndi pa zomera, ndipo amapanga poizoni bwino pa kutentha kwa pakati pa madigiri 22 ndi 30, chakudya chili chonyowa. Ganizirani thumba la mgaiwa lonyowa m'nyumba mu Febuluwale.

Sindikunena kuti ufa wa kwanu uli naye ndithu. Palibe angadziwe popanda labotale, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Ine ana anga sindingawalole kumwa thobwa la ufa umenewo.

Mnyamata wa ku Zobwe

Zonsezi ndi za azungu zofuna kutiletsa mowa wathu kuti tizigula wa m'mabotolo. Makolo athu amwa masese zaka zonsezi. Bwanji matendawa angotulukira lero?

Mphunzitsi, Songo

Achimwene, palibe waletsa masese pano. Tikukamba za ufa wovunda. Lipoti la kafukufuku wa ku Chitima linatuluka mu 2018 m'magazini ya Clinical Infectious Diseases, ndipo dzina loyamba pa olemba ndi la Dr. Eduardo Samo Gudo wa ku Instituto Nacional de Saúde, bungwe la boma lofufuza za umoyo, mwana wa Mozambique muno. Poizoniyu si watsopano ayi. Ku Java, ku Indonesia, anapha anthu ambiri kwa zaka zochuluka kudzera m'chakudya cha zotsalira za kokonati chotchedwa tempe bongkrek, mpaka boma linachiletsa mu 1988. Mu Okutobala 2020 anthu 9 a banja limodzi anamwalira ku Heilongjiang, ku China, atadya chakudya cha ufa wa chimanga wosasitsa. Mu 2024 poizoniyu anaphanso anthu ku Taipei, ku Taiwan. Za ku Chitima zinali zoyamba kutsimikizika mu Africa muno. Ine maganizo anga ndi akuti mwina zinachitikapo kale m'midzi yathu, koma anthu ankati ndi ufiti kapena wina wathira mankhwala, maliro n'kuikidwa, nkhani n'kutha. Ku Chitima anthu anafa ambiri moti dziko silikanakhala chete.

Wofunsa, Moatize

Zikomo aphunzitsi ndi anamwino. Ndamva, ndipo mantha awonjezeka. Koma ndikudziwa chimene azakhali akandifunse: nanga mphale timaviika m'madzi mpaka kuwawasa tisanapite kuchigayo, bwanji sitifa? Ndikayankhe chiyani? Ndiponso chimanga chija cha m'nkhokwe, chimene sichinagayidwe, nachonso titaye chonse? Chaka chino chakudya n'chochepa kumudzi.

Mlangizi wa zaulimi, Tsangano

Funso la azakhali ndi lanzeru, musalipeputse. Mphale imaviikidwa ili yabwino, yokonola ndi yopeta, m'madzi oyera, mwini wake akuyang'anira. Madziwo amawawasa, ndipo kuwawasako kumalepheretsa tizilombo tambiri toipa. Kenako imatsukidwa, kugayidwa n'kuyanikidwa padzuwa msanga. Mgaiwa wa m'thumba unangokhala wachinyezi mumdima kwa masabata, madeya ndi mtima wa chimanga wokhala ndi mafuta zili momwemo. N'zosiyana. Ngakhale ufa woyera womwewo, ukakhala pa mphasa osauma chifukwa cha mitambo mpaka kuyamba fungo lachilendo, musauone ngati wabwino.

Za chimanga cha chuku ndi nkhani ina, ndipo kwa ine ndi imene imatipweteka kwambiri ngakhale siimveka pa wailesi. Chuku china, makamaka chotchedwa Aspergillus flavus, chimasiya poizoni wotchedwa aflatoxin m'chimanga ndi mtedza. Nayenso kuphika kwa pakhomo sikumuthetsa. Akachuluka kwambiri amapha msanga: ku Kenya mu 2004 anthu 317 anadwala ndipo 125 anamwalira ndi chimanga chosungidwa chisanaume. Koma kawirikawiri amalowa pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, n'kumadya chiwindi mpaka khansa, makamaka kwa munthu amene ali kale ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Amayi a ku Ulongwe akuti palibe anafera pakhomo pawo, ndipo ndikuwakhulupirira. Koma bambo womwa mowa wa chimanga chovunda zaka makumi awiri, akatupa mimba maso n'kuchita chikasu, amakafera kwawo, ndipo palibe amakumbuka mbiya.

Anzathu a ku Malawi anafufuza zimenezi pa mowa wofanana ndi wathu. Limbikani Matumba ndi anzake anayeza mapira, chimera ndi mowa wa masese kummwera kwa Malawi, lipoti la 2011, ndipo anapeza aflatoxin wochuluka m'chimera cha mowa kuposa m'mapira osameretsa. Mu 2014 anapezanso poizoni wa chuku m'mowa wa chimanga wa m'midzi. Chosangalatsa n'chakuti pa kafukufuku wina anayerekeza njira zoyeretsera chimanga, ndipo kusankha ndi manja ndi kumene kunachotsa poizoni wambiri kuposa kutsuka kapena kukonola pakokha.

Ndiye achemwali, cha m'nkhokwe musataye chonse. Chitonoleni, muchiyale pa mphasa masana kukuwala, muchotse njere iliyonse yosintha mtundu, yofota, yoboola ndi anankafumbwe kapena yosweka. Chotsalacho muchithire m'madzi, zoyandama mutaye, muyanike mpaka chiume gwa, kenako mukonole. Chitsononkho chimene chuku chafalikira ponse musalimbane nacho. Koma ufa sungasankhidwe. Ukagayidwa zabwino ndi zoipa zasakanikirana, ndipo matumba awiri aja atha ntchito.

Mayi wofulula, Ulongwe

Za Chitima ndinkadziwa za ng'ona zomwezo. Kuti wofulula mwini anamwa n'kufa, zandikhudza, chifukwa tonse timalawa mowa wathu tisanapatse anthu. Zoti ndisiye chimanga chonse chodetsedwa sindinganame kuti ndichita mawa, chabwino n'chodula ndipo omwa sawonjezera ndalama. Koma ufa wolowa madzi, ameneyo mwana wanga akane. Alangizi, chimera timachifundika ndi masaka onyowa kuti chimere. Titani pamenepo?

Mlangizi wa zaulimi, Tsangano

Amayi, yambani ndi mbewu yosankha, masaka akhale ochapa ndi oyanika, musaunjike mulu waukulu, ndipo chikangomera chitulutseni chiume padzuwa osati m'nyumba. Chikaoneka ufa wobiriwira kapena wakuda pamwamba, chimenecho si chimera chofululira.

Bambo wachikulire, Furancungo

Mwana wanga, za mankhwala akuuza odziwa. Ine ndikuuze za kumudzi, poti ndi pamene nkhani zotere zimalakwikira. Usaimbe foni n'kunena kuti ufa wanu ndi poizoni. Amayi ako ndi namfedwa, ufa umenewo anausunga poganizira mwambo wa mwamuna wawo, ndipo akamva choncho aona ngati ukuti akufuna kupha anthu. Pita wekha, ndipo usapite chimanjamanja. Musonkherane ndi mlongo wakoyo mugule chimanga chabwino, ngakhale malata ochepa, chifike pakhomo mawu asanafike. Mowa ukachepa si mlandu, bona silitha mphamvu chifukwa mbiya zachepa.

Kenako uyambe wakhala pansi ndi amalume ako, ndi amene ali ndi pakamwa pa mbumba. Uwafotokozere zimene aphunzitsi alemba, mwakachetechete, iwo ndi amene akalankhule ndi azakhali. Ndipo pali mfundo imodzi imene akuluakulu amaimva msanga kuposa mayina a tizilombo: munthu mmodzi yekha akadwala atamwa mowa wa bona, mudzi sudzanena za ufa. Udzanena kuti wina wathira, ndipo maso adzagwa pa amayi ako ndi amene anatakasa phala. Udani wotero umafika mpaka kwa zidzukulu. Ukawauza kuti ukuteteza dzina la amayi ndi la malemu, akumvera.

Wofunsa, Moatize

Zikomo bambo, ndichita momwemo, ndalankhula kale ndi mlongo wanga za kusonkha. Funso lomaliza: ndikudziwa kuti amayi sangalole kungotaya, anena kuti tipatse nkhumba ndi nkhuku. Zimenezo zili bwino?

Mlangizi wa zaulimi, Tsangano

Ayi achemwali. Nkhuku, abakha ndi nkhumba zimadwala ndi aflatoxin, anapiye amafa msanga, ndipo ng'ombe kapena mbuzi ikadya, wina amatulukira mu mkaka. Musagulitsenso kwa wofulula wina kapena kupatsa mnansi, ndi mmene ufa wa ku Chitima unayendera. Kumbani dzenje lakuya kutali ndi chitsime, muthiremo ufa wonse pamodzi ndi njere zimene mwasankha zija, mukwirire bwino kuti agalu ndi nkhumba zisafukule. Matumbawo muwotche, ndipo denga likonzedwe chimanga chatsopano chisanalowe.