Khadi lowonjezera mabowo a USB pa laputopu yakale

Wa ku Nchalo: Ndili ndi kamalo kotayipira ndi kusindikiza makalata kuno ku Nchalo, ndipo laputopu yanga yakale yatsala ndi mabowo awiri okha a USB ogwira ntchito. Pulinta, scanner ndi hadi disiki yosungira zithunzi za makasitomala zimalimbirana mabowo awiriwo, moti tsiku lonse ndimangokhalira kuzula ndi kulowetsa. M'mbali mwake muli kampata kotsekedwa ndi pulasitiki, ndipo ndinamva kuti muli polowera khadi lowonjezera mabowo. Ndisanakwere chitunda cha Thabwa kupita ku Blantyre, chonde ndithandizeni: ndikagule lotani?

Mphunzitsi wa ku Ngabu: Achimwene, yambani mwatulutsa kapulasitikiko n'kukayeza ndi rula, chifukwa mipata imeneyi si yofanana. Khadi lina lolowa mu mpata wotere limatchedwa ExpressCard, ndipo lili ndi mitundu iwiri: ya mamilimita 34 m'lifupi, ndi ya mamilimita 54 imene imachepa cha kumutu ngati chilembo cha L. Khadi la 34 limalowa m'mipata yonse iwiri, koma la 54 silingalowe mu mpata wa 34. Mukapeza kuti kapulasitikiko ndi ka mamilimita 54 m'lifupi monsemo, osachepa cha kumutu, ndiye kuti ndi mpata wa khadi la mtundu wakale lotchedwa PC Card, ndipo ExpressCard singagwire ntchito mmenemo. Kapulasitikiko mukatengere kusitolo kuti mukafanizire nokha.

Ngati ndi ExpressCard, sankhani khadi la USB 3.0. Mwina silifika pa liwiro lake lonse, koma likukopera zithunzi msanga kuposa USB 2.0 imene malire ake ndi 480 Mbps. Pa Windows 7 mudzafunika driver, kapulogalamu kothandiza laputopu kuzindikira khadilo, pomwe kuyambira Windows 8 nthawi zambiri limangodziwika lokha.

Wokonza mafoni ku Bangula: Aphunzitsi anena zoona, koma nkhani yaikulu ndi ya magetsi. Mpata wa ExpressCard umapereka mavoti 3.3 ndi 1.5, pamene USB imafuna mavoti 5, choncho khadilo limachita kuwakweza lokha ndipo mphamvu yake imakhala yochepa. Pulinta yokhala ndi chingwe chake cha magetsi ilibe vuto, koma hadi disiki yodalira USB ikhoza kumangolira tetete n'kumazima pakati pa ntchito. N'chifukwa chake makhadi ena amabwera ndi kachingwe kotengera magetsi ku bowo lina la laputopu, ndipo mukatero mwataya limodzi mwa awiri aja.

Ganiziraninso kutentha kwathu kuno m'chigwa. Khadi lolowa lonse m'kati silithyoka msanga, koma ndaonapo lina litatentha masana a mu Okutobala mpaka kusiya kuwerenga fulashi. Kwa ine, USB hub (kabokosi kogawa bowo limodzi la USB kukhala mabowo angapo) yokhala ndi adaputala yakeyake ya magetsi ndi yodalirika pa ntchito ngati yanuyi, komanso ndi yosavuta kuipeza masiku ano.

Wa ku Nchalo: Zikomo nonse. Ndayeza, ndi ka mamilimita 34. Nkhawa yanga pa hub ndi yoti magetsi akathima adaputala ija imazima, pamene ine ndimapitiriza kukopera zithunzi ndi batire.

Mphunzitsi wa ku Ngabu: Ndiye gawani katunduyo, achimwene. Hadi disiki muziyamba mwaiyesa pa khadilo musanalipire. Ikakana, izikhala pa bowo la laputopu lenilenilo, ndipo pulinta ndi mafulashi a makasitomala zizipita ku khadi.