Gel ya Poloxamer 407 ikuuma msanga m'sirinji, ndithandizeni nzeru

Moni nonse akatswiri a m'gulu lino.

Ndikupanga gel yoti ibayidwe ili yamadzimadzi, kenaka ilimbe ikafika m'thupi pa 37°C n'kumatulutsa mankhwala pang'onopang'ono. Ndikugwiritsa ntchito Poloxamer 407 (polima, kapena kuti chipangizo cha gel, chomwe chimalimba chikatenthedwa) pa 20%, yosungunula m'madzi ozizira a 4°C usiku wonse. Vuto ndi loti ikulimba isanafike ndi pa 25°C pomwe. Ndikangoigwira sirinji m'manja kwa kanthawi, basi yatseka singano.

Nditatsitsa kufika pa 15% inasiya kutseka, koma gel yake ndi yofooka zedi: mu PBS (madzi amchere oyesera, ofanana ndi a m'thupi) ikusungunuka mofulumira, mankhwala ambiri n'kutuluka nthawi imodzi koyambirira. Ndinathiramo Poloxamer 188, kutentha kolimbira kunakweradi, koma kusungunukako sikunasinthe. Kuthiramo HPMC (ufa wolimbitsa zamadzimadzi) kunathandiza pang'ono, kungoti kubaya kunayamba kuvuta.

PNIPAM, polima ina yolimba ikatenthedwa, ndikuizemba dala. Imasintha pa 32°C, inde, koma siwola m'thupi, ndiye sindikufuna kuyambana ndi nkhani ya chitetezo.

Kodi alipo amene anakwanitsa kuti Poloxamer itulutse mankhwala kwa masiku angapo? Munasakaniza ndi chiyani, pa mlingo wanji? Kapena ndingosamukira ku PLGA-PEG-PLGA, polima ina yotere koma yowola m'thupi?

Zikomo kwambiri.